Bawuti Imene Mchere Unaisiya

Walho ndi msuweni wanga, mwana wa amalume anga, ndipo mwamwambo ndiye amayenera kundikwatira. Ndinakana ine. Ndinawauza amayi kuti munthu womvetsera zitsulo kuposa anthu ndikakhala naye bwanji, ine ndizikamuuza kuti mbuzi yadwala iye akuganiza za nati? Anandiseka, kenako anandipereka kwa wina, amene anatisiya kale, Mulungu amuchitire chifundo. Koma taonani mmene zimakhalira: zaka zonsezi ndakhala ndikugulitsa tiyi pakhomo penipeni pa galaja ya Walho yemweyo, kuno ku Logiya, m'mbali mwa msewu wa malole opita ku Djibouti. Akanakhala ndi mkazi, ngakhale iyeyo sakanamuona kwambiri ngati mmene ndinamuonera ine.

Galajayo musaiyese chinthu chachikulu. Ndi mitengo inayi, malata pamwamba, ndi dzenje lalitali loti munthu aimemo pansi pa galimoto. Walho sankagwira injini kapena za magetsi. Ukamupititsira galimoto yosalira ankakulozera kwa anzake kutsidya kwa msewu. Yake inali ntchito ya kunsi, masipuling'i ndi mabawuti owagwira, ndipo kwathu kuno imeneyo imadyetsa munthu moyo wake wonse chifukwa magalimoto athu amayenda pamchere. Land Cruiser ikapita ku Afdera, kumene amacheka mchere, n'kubwerako kangapo, kunsi kwake kumachita kufiira, nati ndi bawuti zimasanduka chitsulo chimodzi. Tsiku limene sipuling'i yathyoka, mwini wake amayamba yekha ndi sipanala, kenako anzake amabwera ndi paipi, kenako amawononga mutu wa bawuti, kenako amatukwana. Akatopa kutukwana m'pamene amabwera kwa Walho.

“Mwaiyesa kale?” ankafunsa choncho asanayang'ane n'komwe.

“Ayi bambo, sitinaigwire.”

“Nanga mutu wakewu waudya ndani, mbuzi?”

Anali ndi kachitidwe kake kamene sankasintha ngakhale mwini galimoto alire. Ankayamba ndi kupala dzimbiri ndi bulashi ya waya mpaka mano a bawuti aoneke. Kenako ankasakaniza dizilo ndi mafuta a mabuleki m'chitini, n'kunyikamo kansanza, n'kukulunga natiyo, basi n'kutuluka m'dzenje kubwera kwa ine kudzamwa tiyi. Apa m'pamene madalaivala ankapsa mtima.

“Bambo, ine ndili pa ulendotu!”

“Nayonso bawuti ili pa ulendo, isiyeni imwe kaye. Hasna, m'patse tiyi mlendoyu asandifere pano.”

Hasna ndine, ndipo sindibisa, kuchedwa kwake kunkandigulitsira tiyi wambiri.

Akabwerera m'dzenje ankatulutsa kachitsulo kakatali, kowonda, kamene kankakhala m'thumba mwake. Mbali imodzi ankailuma ndi mano ake osongola mwamwambo wathu, inayo n'kuikhudzitsa pamutu pa bawuti, n'kumagogoda pang'onopang'ono ndi kahamala, maso atatsinzina. Ankati mawu a bawuti amamveka m'mano, osati m'makutu. Yolira kuti ngwee ili moyo, imasuka. Yolira kuti phi yafa, yagwirana ndi chitsulo cha mkati, yofunika kungodula ndi sowo. Yamoyoyo sankayamba ndi kuimasula ayi, ankayamba waimanga pang'ono kuti dzimbiri lisweke, kenako n'kulowetsa paipi ku sipanala n'kuitsamira ndi thupi lonse, mosagwedeza. Ikakana, ankayatsa moto wa gasi n'kuwotcha nati yokha mpaka ifiire, n'kuithira madzi kuti tswaa. Ikakanabe, tchizulo, n'kuing'amba natiyo pakati. Sankatukwana, sankathamanga. Ine pomuona ndinkachita kuyabwidwa m'thupi.

Koma panali china chimene sindinkachikonda. Nthawi zina, makamaka pa magalimoto ochokera kutali, kupitirira Afdera, kuchidikha choyera kumene kulibe ngakhale ntchentche, Walho ankachotsa kachitsuloko mkamwa mwadzidzidzi, n'kulavula. Ndikamufunsa ankati palibe. Tsiku lina ndinamupanikiza.

“Iwe mwamuna wanga wolephera, wamva chiyani?”

“Chitsulo chimasunga zimene chadutsamo.”

“Monga chiyani?”

“Phika tiyi, msuweni.”

Sindinafunsenso. Tonse kuno timadziwa kuti kuchidikhako, dzuwa likafika pamutu, kumayenda ena amene si anthu. Ocheka mchere amawamva akuitana ngamila, ndipo palibe amene amatembenuka kuti aone.

Walho anali ndi mng'ono wake, Seko. Amenewo anali ana a mimba imodzi koma simukanakhulupirira. Walho wometa mpala, wamanja akuda, wosayankhula. Seko wamtali, woseka ndi aliyense, tsitsi lopotedwa bwino lonyezimira ndi batala, moti akakhala pabenchi langa akazi ankachedwa kumaliza tiyi. Ankayendetsa Land Cruiser yakeyake yoyera, kunyamula anthu, madzi ndi ufa kupita kwa ocheka mchere. Mkazi wake anali Mayram, mtsikana wofatsa wa ku Asayita, ndipo anali ndi ana awiri aakazi. Walho sanakwatire. Imvi zinayamba kumera m'ndevu adakagona m'kachipinda kuseri kwa galaja.

M'mawa wina nyengo yotentha, Seko anaima pakhomo panga, anamwa tiyi chiimirire, anandinena kuti shuga ndimaumira, n'kunyamuka yekha kukapereka madzi kuchidikha. Sanafike kumene ankapita ndipo sanabwerere. Amuna anafufuza ndi magalimoto, ena pa ngamila. Anatsatira matayala ake mpaka pamene mchere umalimba moti sulemba chizindikiro, ndipo pamenepo zonse zinathera. Sanapeze galimoto, sanapeze mtembo, ngakhale nsapato.

Inu amene simunaonepo mkazi wa munthu wosowa, musamafune kumuona. Wamasiye amalira, amakhala masiku ake m'nyumba, amatuluka, moyo n'kupitirira. Mayram sakanalira maliro chifukwa panalibe womwalira. Sakanakwatiwa chifukwa anali ndi mwamuna. Sakanabwerera kwawo chifukwa ana ndi a kuchimuna. Paukwati akazi anzake sankadziwa pomukhazika, pamaliro chimodzimodzi. Ankachapa zovala za madalaivala kuti ana adye, ndipo injini iliyonse ikalira pamsewu ankadzutsa mutu. Walho ankawatumizira ufa ndi shuga kudzera mwa ine, iye osaponda pakhomopo, poopa pakamwa pa anthu.

Zinapita zaka, zaka zonse zimene chipembedzo chimafuna kuti mkazi adikire, ndi zina pamwamba. Mapeto ake akuluakulu a banja anakhala pansi ndi Shehe n'kugamula kuti Seko atengedwe ngati womwalira. Mayram akhale masiku ake a umasiye, akatha alowedwe chokolo ndi mkulu wa mwamuna wake monga timachitira, ngati iye mwini akufuna. Anandituma ine kukamufunsa. Ndinamupeza akuchapa.

“Akuti Walho. Ukuti bwanji?”

Anapitiriza kufikisa malaya, osandiyang'ana.

“Amasamba koma?”

“Lachisanu lokha.”

Anaseka. Mayi inu, anaseka mpaka anadzigwira pakamwa ndi dzanja la thovu. Ndinali nditaiwala kuti mwanayo ali ndi mano. Ndinabwerera ndikudziwa yankho, ndipo nditamuuza Walho anagwetsa sipanala, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita. Mawa lake ndinamuona akugula sopo. Ndinakondwa, ndinakondwa kwambiri, chifukwa onse awiri ndinkawakonda ndipo onse awiri anali atazunzika mokwanira.

Masiku a umasiye ali pafupi kutha, anthu a ngamila anafika ndi uthenga. Anaona denga la galimoto likutuluka mumchere, kutali, kumbali imene palibe njira. Amuna anapita ndi lole ndi matcheni, anakumba, anaikoka, anaibweretsa ili pamsana pa lole n'kuitsitsira pa dzenje la Walho.

Tonse tinaizungulira koma palibe anaigwira. Inali yake ya Seko. Kuyambira m'matayala mpaka m'zitseko inali itakutidwa ndi mchere wolimba, wotuwa. Zitseko anazipeza zotseka, mawindo otseka, kiyi ali pamalo pake. Zigubu za madzi kumbuyo zinali zodzaza, zosatsegulidwa. Nsapato zake zinali pansi pa chiwongolero, zoikidwa bwinobwino moyandikana, ngati mmene munthu amazisiyira pakhomo pa mzikiti. Iye munalibemo. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi akutchula dzina la Mulungu. Mbuzi za mtauni muno, zimene zimalimbirana mthunzi wa galimoto iliyonse, pa iyi sizinayandikire.

Akuluakulu anati izi zangotsimikiza chigamulo chawo. Munthu amene wasiya madzi ndi nsapato pamchere masana sakhala moyo mpaka madzulo. Ukwati upitirire. Ena anati galimotoyo igulitsidwe ngati zitsulo, ichoke m'maso mwa anthu. Walho anakana.

“Ndi chuma chokhacho chimene ana a mng'ono wanga ali nacho. Ndiikonza iime ndi miyendo yake, kenako ndikwatira. Asadzanene kuti ndinatenga mkazi n'kusiya galimoto ikuwola.”

“Adzanena ndani?” ndinamufunsa. “Kwatira kaye, chitsulo sichithawa.”

Sanandimvere. Msuweni wangayo akanena kanthu, kumubweza kunali kovuta kuposa mabawuti akewo.

Injini anapatsa anzake, iye anatsikira kunsi. Ndimuuze ndani ntchito imene inali pamenepo! Ankayamba ndi kuswa mchere ndi tchizulo kuti angopeza pamene pali bawuti. Zina zinali zitatupa, zina zitadyeka mpaka kuwonda ngati msomali. Dizilo sankalowa. Moto wa gasi unkangophulitsa mchere kumaso kwake. Anang'amba manati, anadula ndi sowo, zina anawotcherera nati yatsopano pachitsa kuti apeze pogwira. Masamba a sipuling'i ankagwa pansi n'kusweka okha. Anayambira kutsogolo, kumanja ndi kumanzere, n'kupita kumbuyo kumanja. Ndinazindikira kuti kachitsulo kake komvetsera sanakatulutse ngakhale kamodzi. Nditamufunsa anati palibe chofunsa, zonse n'zakufa. Koma ndinaona kuti akabwera kudzamwa tiyi ankakhala chofulatira galimotoyo.

Mayram anali atamaliza masiku ake ndipo anali atayamba kumubweretsera chakudya chamasana, buledi wootcha ndi mkaka wa mbuzi. Ankachisiya pabenchi langa, n'kukhala pang'ono, osayang'ana kudzenje. Nsalu ya ukwati tinali titasankha kale.

Tsiku lina kunatentha moti msewu unali zii, malole ataima, madalaivala atagona pansi pa malole awo. Ine ndinkasinza. Ndinadzidzimuka chifukwa kugogoda kunali kutasiya. Kenako ndinamva mawu ake, otsika, ngati si ake.

“Hasna. Tabwera.”

“Ukufuna tiyi?”

“Tsikira kuno.”

Zaka zonsezo sindinalowepo m'dzenje limenelo. Ndinatsika ndikung'ung'udza, nditakwinya nsalu. Munali mdima pang'ono ndi fungo la dizilo ndi chitsulo chopsa. Walho anali ataima kumbuyo kumanzere, pamene sipuling'i imagwira thupi la galimoto. Pansi panali zibenthu za mchere zimene anali atangoswa kumene.

“Iyi ndi yomaliza,” anatero. “Inali yokwiririka ngati zinzake, ndaswa ndekha. Igwire natiyo.”

“Ndi chiyani?”

“Ndi zala. Potokola.”

Ndinapotokola, ndipo inazungulira. Ine mayi wogulitsa tiyi, ndi zala ziwiri. Inazungulira mosalira, mosagwira, mpaka inagwera m'dzanja langa. Walho anakankha bawutiyo ndi chala chachikulu ndipo inatuluka yokha mbali inayo. Inali yoyera, yonyezimira, yopanda kadontho ka dzimbiri, ndipo inali yonyowa. Ndinayang'ana zala zanga. Sanali girizi. Anali batala, wachikasu, wofewa, wamoyo. Kutentha kwa kwathu kuno batala ukamusiya padzuwa m'mawa, masana wasungunuka, mawa lake wanunkha. Uyu anali ngati wopakidwa tsiku lomwelo.

Tsitsi linandiyenda.

Walho anayankhula akuyang'ana bawutiyo. Anati imeneyi inkalira pa mabampu kuyambira kale. Ulendo wina girizi atamuthera kuchidikha, Seko anapisa dzanja m'tsitsi lake n'kuipaka batala wa m'mutu, ndipo inasiya kulira. Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi chake, akafika pamchere ankalowa kunsi, n'kumasula imeneyi yokha, n'kuidzoza. Walho ankamukalipira kuti iyi ndi galimoto si mkwatibwi, batala amaitana mchenga. Sankamva.

“Ndiye ndi wa nthawi imeneyo,” ndinatero. “Mchere unamutsekera, wasungika.”

“Kutsogolo ndinapaka girizi ndi manja angawa, ulendo wake womaliza usanachitike. Wauma, wasanduka mwala. Batala ndiye asungike?”

Apa mantha anga anasanduka ukali, chifukwa ndinaona kumene mutu wake ukupita.

“Tamvera iwe Walho. Tenga sanza upukute. Uiponye m'chitini cha dizilo, uithire moto, uchite chilichonse. Taona awiri, ndipo ine ndilibe maso. Wamva?”

“Wakufa sadzoza bawuti, Hasna.”

“Nanga wamoyo amakhala zaka zonsezi pamchere wopanda madzi ndi nsapato? Chimene chadzoza apa si mng'ono wako. Kaya ndi chiyani, chisiye komweko. Mwana uja wadikira mokwanira!”

Nthawi yomweyo pamwamba pa dzenje panaima munthu. Tinaona mapazi kaye. Anali Mayram, mbale ili m'manja. Anaika mbale pansi, anagwada m'mphepete mwa dzenje, mphuno zake zikugwedera. Anatambasula dzanja ndipo ine, chitsiru, ndinamupatsa natiyo. Anainunkhiza kamodzi kokha.

“Batalayu ndi wanga,” anatero.

Anapitiriza, maso ali pa natiyo.

“Ndinkafukiza chikho ndi mtengo wa kwathu ku Asayita, n'kuikamo timasamba timene amayi anandiphunzitsa. Kuno palibe wina amapanga chonchi. Ndipo ine chichokereni iwo sindinapangenso.”

Kunja kunali chete moti ndinkamva malata akuthetheka ndi dzuwa. Mayram anapukuta natiyo ndi nsonga ya mpango wake, pang'onopang'ono, mkati ndi kunja, mpaka inauma. Anaipereka kwa Walho ndi manja awiri.

“Alamu, palibe chimene mwaona. Chonde. Ndakupemphani.”

Sindinamuonepo akupempha kanthu kwa munthu, ngakhale nthawi imene ana ankagona ndi njala. Walho analandira natiyo.

“Mlamu, ngati ali kwinakwake, n'kumabwera kudzafuna galimoto yake...”

“Anabwera kudzafuna ine? Anabwera kudzafuna ana?”

“Sindingagone m'nyumba mwake ndikudziwa zimenezi.”

“Ine ndagonamo ndekha zaka zonsezi ndisakudziwa chilichonse.”

Mayram anatola mbale yake n'kuiika pabenchi langa monga mwa masiku onse, n'kumapita. Ine ndinatuluka m'dzenje ndikumutukwana Walho mawu amene sindingawabwereze pano. Ndinamuuza kuti chilungamo chakecho adzadya yekha. Anangoti ndanena zoona.

Madzulo ake anapita kwa akuluakulu, bawuti ili m'kansalu. Kunali mkangano. Ena anati anthu a ngamila aja achita zachipongwe. Anthu a ngamila analumbira kuti sanayandikire n'komwe, ndipo amene anakumba galimoto anachitira umboni kuti kunsi konse kunali mwala umodzi. Ena anati ndi ntchito ya ziwanda, ndipo ziwanda sizimanga kapena kumasula ukwati. Shehe, munthu wabwino amene ankafunitsitsa kuti nkhaniyi ithe, anainunkhiza bawutiyo n'kuibweza msanga. Anafunsa Walho ngati iye mwini mumtima mwake akukhulupirira kuti mng'ono wake anafa. Akanangoti inde, mayi inu, liwu limodzi lokha. Anati sakudziwa. Shehe anati ndiye sangamangitse ukwati pamene mkwati yemwe akukayika ngati mkaziyo ali ndi mwamuna, ndipo mbiri itamveka panalibenso mwamuna wina m'banjamo kapena kunja amene akanayerekeza kumufunsira Mayram.

Walho anamaliza galimotoyo. Anaika masipuling'i ena, mabawuti atsopano onse, iliyonse ataipaka girizi wambiri. Ija yokha anaibwezera pamalo pake. Injini italira anthu anatuluka m'nyumba kudzaona, koma palibe anakwera. Anadzaza madzi ndi dizilo. Anapempha amuna kuti amuperekeze kumene galimoto inapezeka, ndipo aliyense anali ndi chifukwa, wina mwana akudwala, wina ngamila yasowa. Sindikuwanena, inenso sindikanapita.

M'mawa wonyamuka anakhala pabenchi langa. Ndinali ndisakumuyankhula, koma tiyi ndinamupatsa.

“Ukamuuze Mayram kuti ndibwera ndi munthu kapena ndi mafupa. Chilichonse mwa ziwirizi chimumasula.”

“Kamuuze wekha, uli ndi pakamwa.”

“Sindingathe kumuyang'ana.”

“Ukapanda kupeza kanthu?”

“Ndidzabwera ndidzanene pamaso pa Shehe kuti anafa. Koma ndione kaye ndi maso anga.”

Ndinamuuza kuti ndi chitsiru, ndipo ndinamuikira buledi m'thumba. Anaseka pang'ono, anati amayi anga anachita bwino kundipereka kwa wina. Anakwera, analowera kumpoto.

Anamuona ku Afdera akuthira madzi mu injini. Ocheka mchere anamuona akudutsa masana, akulowera kumene kulibe njira. Anamukuwira kuti adikire dzuwa lipendeke, sanaime. Kuchokera pamenepo palibe anamuonanso. Amuna anafufuzanso, koma ulendo uno sanapite kutali, ndipo anabwerera msanga.

Galaja anaitenga munthu wina wa ku Dessie, amene mabawuti amangowadula onse ndi makina, osafunsa. Ana a Mayram anakula, wamkulu anakwatiwa. Iye anapitiriza kuchapa. Madzulo ankabwera pabenchi langa, tinkakhala, nkhani ya abale awiriwo osaitchula.

Chaka chatha munthu wa ngamila, mdala wina dzina lake Bodaya, anafika pakhomo panga n'kupempha tiyi wopanda mkaka. Mayram analipo, akundithandiza kutsuka matambula. Mdalayo sankamudziwa. Anayamba kusimbira madalaivala kuti waiona galimoto yoyera ija, malo omwe aja, itamira mpaka theka. Ndinayesa kumutsinzinira kuti asiye, sanandione.

“Zitseko zotseka, madzi odzaza. Munthu mulibe.”

“Munayandikira, bambo?” anafunsa dalaivala wina.

“Ndine wokalamba, ndiopenso chiyani? Nkhani yake ndinaimva, ndiye ndinati ndione. Kumbuyo mphepo inakokolola, munthu n'kukwawiramo. Ndinaswa mchere ndi nkhwangwa yanga. Zonse dzimbiri lokhalokha, zogwirana. Koma ziwiri za kumbuyo zimazungulira ndi zala.”

“Ziwiri?”

“Ya kumanzere ili ndi batala. Ya kumanja girizi, wakuda, wofewa. Ndinapukutira pa mwinjiro wanga, onani.”

Anaonetsa banga pansalu yake. Madalaivala anasuntha, wina anasiya tiyi wake osamaliza. Ine ndinali kuyang'ana Mayram. Anali ataimitsa manja m'beseni, madzi akudontha m'zigongono. Tsitsi lotuluka m'mphepete mwa mpango wake linali litayera.

“Ndiye anapezana,” anatero, osakweza mawu.

Bodaya anatembenuka, n'kundiyang'ana ine, ndipo anazindikira. Anayamba kupepesa. Mayram sanamumve.

“Galimoto ili ndi oisamala awiri, mayi Hasna. Nanga ine?”

Anadikira pang'ono ngati ndimuyankha. Kenako anaweramira m'beseni n'kutola tambula ina.